Sefa ya madzi a nsomba ikamangotsekeka: gwero la vutoli ndi kakonzedwe kosalira ndalama zambiri

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi kwa aliyense amene wayamba aquaponics pakhomo, ulimi uja woweta nsomba m'thanki n'kumathirira mbewu ndi madzi omwewo, madziwo n'kubwereranso kwa nsomba. Munthu amatenga ndowa, n'kuyalamo miyala pansi, mchenga pakati, makala, siponji pamwamba. Masabata awiri oyamba madzi amatuluka ali mbee. Sabata yachitatu madzi ayamba kukwera m'ndowamo, kenako kusefukira m'mbali. Mwini wake amakhuthula zonse, kutsuka pa mpopi mpaka mwala uliwonse uwale, n'kubwezeramo. Pakadutsa masiku atatu kapena anayi nsomba zasiya kudya, zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, imodzi yagona chagada. Pamene zotsalazo zikuchira, sefa ija yatsekekanso.

Ambiri amaganiza kuti sefayo yachepa, ndiye amawonjezera ndowa ina yofanana nayo. Ena amaloza chala pampu. Koma gwero lake n'lakuti ndowa imodzi yapatsidwa ntchito ziwiri zosamwerana madzi. Yoyamba ndi kugwira ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala, zinthu zooneka ndi maso. Gawo logwira ntchito imeneyi limafuna kukhuthulidwa pafupipafupi, ngakhale tsiku lililonse. Yachiwiri ndi kusunga mabakiteriya amene amachotsa ululu wosaoneka m'madzi, ndipo gawo limeneli limafuna kulisiya lokha, osaligwiragwira. Mukaziphatikiza m'ndowa imodzi, kutsuka kumapha mabakiteriya, kusatsuka kumatseka sefa. Paliponse mwaluza.

Zimene nsomba zimatulutsa

Tiyerekeze kuti muli ndi thanki ya malita 1,000 yokhala ndi nsomba za mtundu wa tilapia zolemera makilogalamu 15 zonse pamodzi, ndipo mumazipatsa magalamu 200 a chakudya patsiku. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudyacho limatuluka ngati ndowe. Amenewo ndi magalamu 50 patsiku mukaziumitsa, kilogalamu imodzi ndi theka pamwezi, ndipo zikakhala zonyowa zimatupa kwambiri. Palibe siponji ya m'ndowa imene ingameze zimenezo mwezi wathunthu.

Ululu wosaonekawo ndi amoniya. Wambiri satuluka ndi ndowe ayi, amatulukira m'makha, ziwalo zopumira za nsomba, ndipo amasungunuka m'madzi nthawi yomweyo. Chakudya cha magalamu 200 chimapereka magalamu 6 kapena 7 a amoniya. M'madzi a malita 1,000 amenewo ndi mamiligalamu 6 pa lita patsiku limodzi lokha, pomwe malangizo a chaka cha 2014 a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, okhudza aquaponics yapakhomo amati amoniya asamapitirire miligalamu imodzi pa lita. Nsalu, mchenga, ngakhale siponji yothina bwanji sizingamugwire. Omwe amamuthetsa ndi mabakiteriya: gulu lina, monga a Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi ululu, gulu lina, monga a Nitrospira ndi Nitrobacter, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, chakudya cha mbewu zanu. Mabakiteriyawa sasambira m'madzi kwenikweni. Amamatirira pa miyala, pa pulasitiki, m'kati mwa mapaipi, n'kupanga kachinthu koterera kofiirira kaja kamene anthu aukhondo amakakwecha ndi mtima wonse. Amachulukana pang'onopang'ono, kotero sefa yatsopano imatenga masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi kuti ikhwime.

Pali chinanso chimene chimasocheretsa anthu. Kayalidwe kaja ka miyala, mchenga ndi makala n'kobwereka ku sefa ya madzi akumwa. Sefa ya mchenga ya madzi akumwa imadutsitsa madzi osakwana lita imodzi pa mphindi, ndipo madzi ake amakhala oti alibe ndowe zatsopano ola lililonse. Thanki ya nsomba imafuna kuti madzi ake onse azungulire kamodzi pa ola, kapena kawiri ngati nsomba zathithikana. Pa malita 1,000, kamodzi pa ola ndi pafupifupi malita 17 pa mphindi, usiku ndi usana. Mchenga uchotseni. Makala wamba nawonso alibe phindu pano: phulusa lake limakweza pH (muyezo wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka n'kukwera akachepa), ndipo ngakhale makala okonzedwa mwapadera ogulitsidwa kwa oweta nsomba amatha mphamvu m'masabata ochepa.

Mgolo wodikhitsira ndowe

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo ngati nthawi ndi ndalama zikulolani kukonza chinthu chimodzi chokha, chikhale chimenechi. Ndowe za nsomba n'zolemerako pang'ono kuposa madzi. Madzi akachepetsa liwiro, zimamira zokha. Simufunika chozigwira, mufunika malo oti madzi afikemo n'kudikha, ndi vavu pansi yotulutsira nsengazo.

Pezani mgolo wapulasitiki wa malita 200, uja wabuluu. Funsani chomwe munali. Ngati munali mankhwala a mbewu, mafuta a galimoto kapena zosungunulira penti, usiyeni, chifukwa pulasitiki imamwa zinthu zoterezi n'kumazitulutsa pang'onopang'ono ngakhale mutsuke motani. Umene munali zakudya kapena zakumwa ndiye woyenera. Migolo yachitsulo, mapaipi a kopa ndi zitsulo zokutidwa ndi zinki zisayandikire madzi a nsomba.

Dulani chivundikiro cha mgolowo, koma musachitaye. Tengani ndowa ya malita 20, idulenipo pansi pake kuti ikhale yoboola mbali zonse, ndipo muilendewetse pakati pa mgolo pa timitengo tiwiri kapena tizidutswa ta paipi topingasa. Mlomo wake wapamwamba utuluke pamwamba pa madzi ndi masentimita 5 kapena kuposerapo, wapansi ufike chapakati pa mgolo. Paipi yochokera kwa nsomba ilowere m'mbali mwa mgolo, chapansi pa ndowayo, ifike pakati, ndipo ndi bendi ikhotere m'mwamba mkati mwa ndowa, n'kuthera masentimita angapo pansi pa mlingo wa madzi. Paipi yotulutsira madzi oyera ikhale m'mbali mwa mgolo chakumwamba, kunja kwa ndowa.

Mukayatsa, imani pamenepo muonerere. Madzi amatumphuka mkati mwa ndowa, amasowa kolowera, amatembenuka n'kutsika. Akafika kumlomo wapansi wa ndowa amapeza malo otakasuka, liwiro limatha, madzi amakhotanso kukwera m'mbali pang'onopang'ono, koma ndowe zimapitirira ulendo wake wopita pansi. Mukawalitsa tochi mudzaona tizingwe ta ndowe tikutsika mwaulesi n'kukaunjikana pansi, pamene madzi a m'mbali akukwera opanda kanthu. Mukaona tizidutswa tikuvinavina m'mbalimo n'kumalowa paipi yotulukira, madzi akuthamanga kwambiri.

Pali kapangidwe kena kofala, kolowetsa madzi chammbali kuti azizungulira mumgolo. Kamagwira ntchito, koma ine ndimakonda ka ndowa pakatika. Mu 2005 John Davidson ndi Steven Summerfelt a ku Freshwater Institute ku West Virginia m'dziko la America anayerekeza mitundu iwiriyi pa madzi a nsomba za trout, ndipo wa madzi otsika n'kufalikira m'mbali unagwira zinyalala pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi wozungulira. Madzi ozungulira amachita bwino ndi zinthu zolemera monga mchenga. Ndowe n'zopepuka, zimangozungulira nawo.

Liwiro muliwerengere chonchi: gawani kukula kwa mgolo ndi madzi odutsa pa ola. Malita 200 pa malita 1,000 pa ola ndi mphindi 12 zimene dontho lililonse limakhala mumgolo. Zimenezo n'zokwanira pakhomo, ngakhale kuchulukirapo kuli bwino. Pa University of the Virgin Islands, kumene James Rakocy ndi anzake anakonza njira yotchuka ya aquaponics ya malonda, madzi amakhala m'thanki yodikhitsira pafupifupi mphindi 20, ndipo nsenga ankazikhetsa katatu patsiku. Ngati pampu yanu ikukankha malita 2,500 pa ola kudutsa mumgolo umodzi, madzi akukhalamo mphindi zosakwana zisanu. Musagule pampu ina. Ikani paipi yapambali yokhala ndi vavu, madzi ena azibwerera okha m'thanki momwe muli pampuyo, ndipo akamagwera m'menemo akuwonjezeranso mpweya.

Zinthu ziwiri zimene zimaononga mgolo wabwinobwino. Choyamba ndi pampu yoikidwa m'thanki ya nsomba, yomwe imayamba yapera ndowe kukhala fumbi isanazitumize ku mgolo. Fumbi limenelo silimira. Madzi azichoka kwa nsomba okha, mosakankhidwa: imikani paipi ya mamilimita 50 m'thanki, kumunsi kwake kufike pafupi ndi pansi pomwe ndowe zimasonkhana, kumwamba kwake kukhale ndi cholumikizira mapaipi chooneka ngati T, chotsegula pamwamba, nthambi ya T-yo ituluke m'mbali mwa thanki kupita ku mgolo. Kutsegula kwa pamwambako n'kofunika, chifukwa kukatsekedwa paipiyo imatha kukoka madzi onse m'thanki nsomba n'kutsala pouma. Pampu ikhale kumapeto, m'thanki yapansi yolandira madzi osefedwa kale. Mlomo wa mgolo ukhale pamwamba pang'ono kuposa mlingo wa madzi a m'thanki ya nsomba, apo ayi udzasefukira.

Chachiwiri ndi vavu yapansi yaing'ono, kapena kusakhalapo kumene. Kampopi ka mamilimita 15 kamatsekeka sabata yoyamba. Ikani ya mamilimita 40 kapena 50, yotsegula ndi dzanja limodzi, ndipo mgolo muupendeketse pang'ono ndi kathabwa kuti nsenga zizitsetserekera ku vavuyo. Ukhale pa njerwa zotalika moti ndowa ikwane pansi pa vavu. Kam'mawa kalikonse tsegulani: poyamba pamatuluka phala lakuda bii, kenako lofiirira, kenako madzi oyera. Pamenepo tsekani. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Mgolo wodikhitsira umene sukhetsedwa uli ngati kusesa m'nyumba n'kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko: ndowezo zikadali m'madzi a nsomba zanu, zikuwola, zikudya mpweya, zikutulutsa amoniya wina.

Neti yogwira zotsalira

Tizidutswa tina tidzadutsabe. Pambuyo pa mgolo ikani ndowa kapena beseni lodzaza neti ya mthunzi wa mbewu kapena yotchingira mbalame, yofwanyidwa mosathina. Neti imagwira fumbilo koma siitseka njira msanga ngati siponji, ndipo kuitsuka n'kungoitulutsa, kuikutumula m'ndowa, n'kuibwezera, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Neti ya udzudzu ayi. Zambiri zimakhala zonyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, ndipo mankhwala amenewo amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri. Masiponji otsukira mbale nawonso muwerenge pa paketi, ena amakhala ndi sopo kapena mankhwala opha mabakiteriya.

Nyumba ya mabakiteriya

Ngati mbewu zanu zili m'mabedi a miyala akuya masentimita 30, odzaza ndi kuphwa mosinthanasinthana, mabediwo ndi sefa ya mabakiteriya kale, ndipo pa nsomba zochepa simufunika ina. Koma ngati mbewu zili m'mapaipi kapena zikuyandama pamadzi, mgolo wachiwiri ndi wofunika.

Chimene mabakiteriya amafuna ndi malo omatirirapo, mpweya, ndi mdima. Pa magalamu 200 a chakudya patsiku pamafunika malo osachepera masikweya mita 15, ndipo wanzeru amawirikiza kawiri. Miyala ya chiphalaphala chouma cha phiri lophulika, ija yobookabooka, imapereka pafupifupi masikweya mita 300 pa malita 1,000 aliwonse, kotero malita 50 mpaka 100 akukwana. Miyala ya kwale imapereka theka la zimenezo. Zitsekerero za mabotolo apulasitiki n'zaulere ndipo n'zopepuka, koma malo ake ndi ochepa, pakati pa 50 ndi 100, choncho musadzinamize ndi ndowa imodzi. Pamafunika mgolo wathunthu. Zitsukeni bwino musanaziike. Mwala uliwonse wosaudziwa, udonthezereni viniga kaye. Ukachita thovu ndi mwala wa laimu, ndipo udzakweza pH mpaka mbewu zizilephera kudya.

Mpweya ndiwo umaiwalika. Kusandutsa galamu imodzi ya amoniya kumadya magalamu oposa anayi a okosijeni. Sefa yomira m'madzi osayenda bwino imakhala ndi mabakiteriya pamwamba pokha, pansi pali zii. Njira yotsika mtengo ndi kudonthezera: madzi agwere pa mbale yobooledwa timabowo tambiri, anyowetse zonse akutsika, atulukire pansi, sefayo isamire. Njira ina ndi kumiza zitsekererozo n'kuika pansi pake kamwala kotulutsa thovu kolumikizidwa ku pampu ya mpweya. Vundikirani pamwamba, kuwala kwa dzuwa kumafooketsa mabakiteriyawa n'kuitana ndere.

Gawo limeneli likakhala pambuyo pa mgolo ndi neti, limatha miyezi osafuna kutsukidwa. Likafuna, tungani madzi a m'thanki momwemo m'ndowa, tsukuluzanimo gawo limodzi mwa magawo atatu a miyala kapena zitsekerero, bwezerani zisanaume, zotsalazo mudzatsuke pakapita masabata awiri. Madzi a pampopi ayi, chifukwa klorini amene amaikidwamo ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndipo sasankha. Sopo ayi. Kuyanika padzuwa ayi.

Yasefukira, kapena madzi akuyenda mwaulesi

Yambani ndi paipi yotulukira. Madzi okankhidwa ndi pampu m'paipi ya mamilimita 25 sangatuluke okha m'paipi ya mamilimita 25. Yotulukira ikhale ya 50. Boolaninso bowo lina pamwamba pake pang'ono, lokhala ndi paipi yopita ku thanki yapansi, kuti tsiku limene njira yatsekeka muli kutali madzi asathere pansi. Ngati kale zinkayenda bwino, vulani paipi muyang'anemo: zoterera zimakula mkati mpaka kuchepetsa njira, ndipo mizu ya mbewu imakonda kulowa m'mabowo otulukira. Kokani kansanza komangirira ku chingwe kudutsa m'paipimo. Pampu nayo ithimitseni, ichotseni ku magetsi, tsegulani kutsogolo kwake, chotsani ulusi ndi tizinkhono tokulunga pa kafani ka mkati. N'chifukwa chake mapaipi osakankhidwa ndi pampu ndi bwino kungowalowetsana mothina osamata guluu paliponse pamene sipakudontha.

Kudontha pamalo olowera paipi mumgolo kumachitika chifukwa khoma lake n'lokhota. Boolani bowo losalala, palani m'mphepete, ikani labala mbali ya madzi, ndipo musamange mopitirira muyezo. Ngati mukugwiritsa ntchito silikoni, pewani wa m'bafa wolembedwa kuti amaletsa nkhungu.

Madzi ali mbee koma nsomba zikudwala

Limeneli ndilo loopsa, chifukwa maso amakuuzani kuti zonse zili bwino. Amoniya ndi nitrite zilibe mtundu. Zoyezera madzi, zija za timabotolo todonthezera, ndi chinthu chokhacho pa nkhani yonseyi chimene sindingakulangizeni kupanga nokha kapena kuchilumpha. Yezani amoniya, nitrite, nitrate ndi pH.

Amoniya akakwera koma nitrite palibe, mabakiteriya sanayambe kapena aphedwa kumene. Dzifunseni chimene chasintha masiku apitawa: mwatsuka sefa, mwathira madzi ambiri a pampopi, mwaika mankhwala a nsomba, mwawonjezera nsomba zambiri nthawi imodzi, kapena kwazizira. Mabakiteriyawa amafooka madzi akatsika pa madigiri 17, ndipo pofika 10 ntchito yawo yatsika ndi theka kapena kuposa. Onaninso pansi pa thanki, mwina pali nsomba yakufa yobisika.

Nitrite ikakwera, gulu loyamba layamba ntchito, lachiwiri likutsalira. Nitrite imalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni, kotero nsomba imabanika m'madzi odzaza mpweya. Mukatsegula chivundikiro cha makha ake, m'malo mwa kufiira kowala mudzaona kufiirira koderako.

Chochita n'chimodzimodzi pa zonse ziwiri. Lekani kudyetsa masiku awiri kapena atatu. Nsomba sizifa ndi njala ya masiku atatu, koma chakudya chilichonse ndi amoniya wina. Wonjezerani mpweya. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi ndi ena opanda klorini, ofanana kutentha. Madzi a pampopi asiyeni maola 48 m'chidebe chosavundikira, makamaka muli thovu la mpweya, kuti klorini auluke. Madera ena amathira chloramine m'malo mwa klorini, ndipo ameneyo sauluka ndi kungodikira, amafuna mankhwala ochotsera. Pa nitrite, mchere wamba umathandiza: galamu imodzi pa lita, yomwe ndi kilogalamu imodzi pa malita 1,000, wosungunulidwa kaye m'ndowa. Mchere sachotsa nitrite, umangoitchinga kuti isalowe m'magazi, ndipo musaupitirize muyezo chifukwa mbewu zambiri sizigwirizana nawo. Ndipo sefa ya mabakiteriya musaigwire. Mtima umafuna kutsuka chinachake pa nthawi ngati imeneyi, koma kutsukako n'kumene kumabwezera vuto poyambira.

Chenjezo limodzi: amoniya akakwera musakweze pH. Pa madigiri 25 ndi pH ya 7, amoniya wa mtundu wopha uja sakwana gawo limodzi pa 100 a amene mwayeza. Pa pH ya 8 amafika cha m'ma 5 pa 100, kuwirikiza pafupifupi kakhumi.

Ngati pali mnzanu amene nsomba zake zili zathanzi, mupempheni miyala kapena neti yodzaza manja awiri kuchokera m'sefa yake, muinyamule ili m'madzi, muiike mwanu. Imafupikitsa kudikira.

Fungo la dzira lowola, ndi nsenga zoyandama

Madzi a aquaponics oyenda bwino amanunkhira dothi lonyowa. Fungo la dzira lowola likutanthauza kuti penapake pali matope opanda mpweya, ndipo akutulutsa hydrogen sulphide, mpweya wopha nsomba. Pisani dzanja pansi pa sefa kapena pakona pa bedi la mbewu. Mukatulutsa matope akuda onunkha, mwapapeza. Thimitsani pampu ndi kutseka njira yopita kwa nsomba musanavundule, ndipo madzi oyamba muwatayire kunja. Mibulu ya nsenga yoyandama pamwamba pa mgolo wodikhitsira ndi chizindikiro choyambirira cha zomwezi: nsenga zakhalitsa pansi, zayamba kuwira, mpweya wazinyamula. Khetsani pafupipafupi. M'mabedi a miyala, nyongolotsi zofiira za m'manyowa zodzaza dzanja zimathandiza kudya zotsalira, koma sizilowa m'malo mwa mgolo.

Magetsi akathima nthawi yaitali, sefa yomira imatha mpweya m'maola ochepa. Ngati n'kotheka ikhetseni madzi, miyala ikhale yonyowa koma ikupuma, ndipo magetsi akayaka madzi oyamba otulukamo asapite kwa nsomba.

pH ikungotsika

Imeneyi si nthenda, ndi umboni woti mabakiteriya akugwira ntchito, chifukwa ntchito yawoyo imatulutsa asidi. Nsomba, mbewu ndi mabakiteriya zimakumana pakati pa 6 ndi 7. Ikatsika pa 6 mabakiteriya amayamba kufooka, amoniya n'kuyambanso kuoneka, munthu n'kumadabwa kuti sefa yomwe inali bwino yatani. Zimachitika msanga kwa ogwiritsa ntchito madzi amvula. Ikani makoko a mazira otsukidwa ndi kuphwanyidwa, kapena zigoba za nkhono, m'kathumba ka neti pamalo odutsa madzi. Zimasungunuka zokha madzi akawawasa. Laimu wa ulimi kapena potassium bicarbonate amagwira msanga, koma thirani pang'onopang'ono, kusintha kusapitirire 0.3 patsiku. Soda wophikira amakweza pH ndithu, koma amasiya sodium amene amaunjikana n'kuvutitsa mbewu.

Ikakhala yokakamira pa 8, ganizirani miyala ya laimu, simenti yosamatidwa, phulusa, kapena madzi a pachitsime. Kusakaniza ndi madzi amvula kumathandiza. Masamba atsopano achikasu okhala ndi mitsempha yobiriwira amasonyeza kuti mbewu zikusowa ayironi, ndipo pH yokwera ndiyo imayambitsa kawirikawiri.

Madzi obiriwira, madzi otuwa

Obiriwira ndi ndere, ndipo sefa yopanga nokha singazigwire. Tchingani dzuwa pa thanki, pa migolo ndi paliponse pamene madzi ali poyera, zidzatha zokha. Musazichedwetse, chifukwa usiku ndere zimapuma okosijeni yemweyo, n'chifukwa chake nsomba zimapezeka zikubanika m'bandakucha. Madzi otuwa ngati mwagwera mkaka nthawi zambiri amachokera ku chakudya chochuluka. Chimene sichinadyedwe pakatha mphindi 30, chiwuleni, mawa muchepetse. Mtundu wachikasu pang'ono koma woonekera mpaka pansi ulibe vuto.

Nsenga zokhetsedwa zija si zotaya. Mutha kuthirira nazo mitengo kapena kuzithira pa mulu wa manyowa, osati pa masamba odyedwa osaphika. Kapena zisonkhanitseni m'ndowa ina yokhala ndi thovu la mpweya kwa masabata angapo, kenako thimitsani mpweya zidikhe, madzi oyera apamwambawo mubwezere ku mbewu; muli phosphorus ndi michere ina imene ikanatayika.

Ngati mgolo ukukhetsedwa tsiku ndi tsiku, sefa ya mabakiteriya ili ndi mpweya ndipo sinagwiridwe kwa masabata asanu ndi limodzi, pH ili pakati pa 6 ndi 7, koma amoniya akuonekabe, apo tsopano sefa yachepadi. Yezani pa sikelo chakudya chimene mumapereka patsiku, osati ndi dzanja. FAO imalangiza makilogalamu 10 mpaka 20 a nsomba pa malita 1,000, ndi magalamu 40 mpaka 50 a chakudya patsiku pa sikweya mita iliyonse ya mbewu zamasamba, kapena 50 mpaka 80 pa mbewu zobala zipatso monga tomato. Nsomba zimakula, ndipo makilogalamu 10 amene munayamba nawo amatha kukhala 25 pakapita miyezi ingapo. Kololani zikuluzikulu, kapena wonjezerani miyala m'sefa, yatsopanoyo muiike pambali pa yakale osachotsa kalikonse. Nitrate ikapitirira mamiligalamu 150 pa lita pamene amoniya ndi nitrite zili pansi, sefa ilibe mlandu, zachepa ndi mbewu, ndipo chofunika ndi bedi lina.